CHIKOMBOLE CHA ZIPOLOPOLO NDI MPATA WA FORT LISTER

Mau olankhulidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi ya kuseri kwa phiri la Mulanje

Nkhani ya lero ndi ya kachipangizo kakang'ono koti nkulowa m'thumba la malaya, koma kamene mbiri yache iri yolumikizana ndi masautso akuru amene anagwera anthu okhala patsinde pa phiri la Mulanje. Kachipangizoka ndi chikombole choumbira zipolopolo za mfuti.

Munthu ali yense wa ku Phalombe adziwa chikombole cha njerwa. Mmisiri akhoma timatabwa, woumba aponyamo dothi, nasalaza pamwamba, nakakhuthula pabwalo, ndipo njerwa zonse zituruka zofanana. Nzeru ya chikombole cha zipolopolo ndi yomweyo, koma icho nchachitsulo kapena chamkuwa, ndipo chioneka ngati mbaniro ya wosula. Kumutu kwache kuli mbali ziwiri zotsekana monga makoko a mtedza, ndipo pakati pa mbalizo pali kadzenje kamene kali chithunzi cha chipolopolo. M'malo mwa dothi muthiridwa mtobvu wosungunuka. Mtobvu unasankhidwa chifukwa ngwolemera ndiponso susowa moto waukuru: usungunuka pa madigiri 327, pamene chitsulo chifuna madigiri opitirira 1,500. Moto wa makala wophikira nsima ukwanira kusungunula mtobvu, koma ngakhale ng'anjo za makolo sizinkasandutsa chitsulo madzi. Zinkangoturutsa chibuma chofewa chimene wosula ankachimenya ndi nyundo.

Tsono pali kusiyana kumodzi kwakukuru, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo. Njerwa ikakula pang'ono, womanga angochepetsa matope ndipo khoma liima bwino lomwe. Chipolopolo sichitero. Chikachepa, mphamvu ya onga ithawira m'mbali ndipo icho chipita kumene chifuna chokha. Chikakula, chikakamira mu mpope wa mfuti, ndipo mphamvu ija posowa poturukira ing'amba chitsulo pafupi ndi nkhope ndi dzanja la woombayo. Chipolopolo chiyenera kulingana ndi mfuti yache, ndipo funso la amene angathe kuchilinganiza motero ndilo linasintha zinthu m'dziko lino.

Pamene David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859 naona phiri la Mulanje chakumwera, Amang'anja a m'zigwa zino anali anthu a mauta, mibvi ndi nthungo. Anali osula odziwika. Ankakumba miyala yachitsulo, naiotcha m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi zibangiri, ndipo makasu ao ankayenda mitunda yaitali pa malonda. Mfuti zinayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1860 ndi kutsogolo kwache, pamene mafumu a Chiyao anadzakhazikika mozungulira phirili. Maina a Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu alembedwa m'mbiri ya masiku amenewo. Iwo anali pa njira ya malonda yopita kunyanja ya mchere, makamaka ku Quelimane, ndipo mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi unali chipata cha njirayo. Popita kunyanja apaulendo ankanyamula minyanga ya njobvu, natsogoza anthu omangidwa m'magoli. Pobwera ankanyamula nsaru, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi timigolo ta onga.

Pano payenera kunenedwa mau oona, kuti wina asaturuke muno akuloza chala mtundu umodzi. Mfutizo sizinasulidwe ku Mulanje. Zambiri zinapangidwa ku Ulaya, m'mizinda monga Birmingham ku England ndi Liège ku Belgium, ndipo zinadzera m'manja mwa amalonda a Chipwitikizi, Aluya ndi Aswahili zisanafike kwa mfumu ya kumtunda kuno. Ali yense pa mzere umenewo anapindulapo, kupatula munthu amene anali m'goli.

Mfuti za nthawi imeneyo ndizo zija zitchedwa gogodela, ndipo dzinalo lidzinenera lokha: onga ndi chipolopolo zinkalowera kukamwa kwa mfuti, mwini wache nazigogoda ndi kandodo kachitsulo. Mpope wache unali wosalala m'kati ndiponso wotakasuka, kotero kuti sunali wosankha chakudya. Amene anali ndi mtobvu ndi chikombole chogula kwa amalonda ankaumba timipira tobulungira bwino. Koma mtobvu unali wosowa kumtunda kuno, pakuti unkachokera kunyanja pamutu pa munthu, ndipo katundu wolemera chotero sayenda msanga. Chifukwa chache anthu anapita kwa wosula. Iye ankadula tizidutswa ta chitsulo, natimenya pa mwala kufikira titabulungirako, ndipo zitasowa izi anthu ankaikamo zidutswa za waya, ngakhale timiyala. Alenje ambiri a njobvu ankakonda zipolopolo zachitsulo popeza nzolimba. Motero chipala chimene chinkasula makasu chinayamba kudyetsanso mfuti, ndipo mudzi wokhala ndi wosula wabwino sunkasowa choombera malinga onga ulipo.

Mfuti yotere inali yaphokoso ndi utsi wambiri koma yosalunjika. Mlenje ankayenera kukwawa kufikira atayandikira nyama kwambiri, ndipo akaphonya panalibe nthawi yogogodanso njati isanamfike. Pa nkhondo, nchito yache yaikuru inali kuopsa. Mudzi wa anthu a mauta ukamva kulira kwa mfuti mbandakucha, anthu ankabalalika, ndipo ogwira akapolo ankangotola akazi ndi ana. Ambiri anasiya minda yao ya m'chigwa nathawira m'mapanga ndi m'zitunda za phiri, kumene kulima kunali kobvuta ndi njala inali pafupi.

Pamene izi zinali kuchitika kuno, amisiri a ku Ulaya anali kulimbana ndi bvuto lija la kulinganiza. Iwo anadziwa kale kuti akajoba mizere yopota m'kati mwa mpope, chipolopolo chituruka chikuzungulira monga nguli ya ana, ndipo chinthu chozungulira chotero chiyenda molunjika. Koma kuti chigwire mizereyo chinayenera kuthina, ndipo chothina chinali chobvuta kuchigogoda kuchokera kukamwa. M'chaka cha 1849 msilikari wa ku France, Claude-Étienne Minié, anakonza chipolopolo chachitali, chosongoka kutsogolo ndi chobooka kumbuyo, chimene chinkalowa mosabvuta koma nkufufuma pamene onga waphulika. Angerezi anatsata nzeru yonga yomweyo pa mfuti yao ya Enfield ya 1853. Pambuyo pache anaturukira mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo, onga ndi chipolopolo ziri pamodzi m'kachibotolo kamkuwa: Snider mu 1866, Martini-Henry mu 1871. Magulu a nkhondo a ku Ulaya atalandira mfuti zatsopanozi, zakale zija zinasanduka zotaya, ndipo zambiri zinatumizidwa ku Africa kudzagulitsidwa. Ndiko kunena kuti pamene mafumu a kuno anali kupereka minyanga ndi anthu kuti apeze gogodela, eni ache anali atazisiya kale.

Apa ndi pamene wosula wa kumudzi anatsalira, ndipo sichinali chifukwa cha kuchepa nzeru. Gogodela ankatha kuikonza ikathyoka, kuisulira kasupe watsopano ndi kuidyetsa zitsulo zache. Mfuti yatsopanoyo inafuna kachibotolo kamkuwa kopangidwa ndi makina, ndi chipolopolo cha muyeso umodzi wosasintha. Amene anali ndi mfuti yotere analibe mphamvu pa iyo yekha. Mphamvu inali ndi amene akanamgulitsa zipolopolo kapena kummana. Maboma a ku Ulaya anazindikira zimenezi. Pa pangano la ku Brussels la mu July 1890, lonena za kuthetsa malonda a akapolo, anagwirizana kuletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zache m'chigawo chachikuru cha pakati pa Africa, ngakhale analola kuti m'madera ena mfuti zakale zosalala ndi onga wamba zigulitsidwebe. Panganolo linathandiza kufooketsa ogwira akapolo, zimenezo nzoona. Nzoonanso kuti linasiya mfuti zabwino zonse m'manja mwa mbali imodzi.

Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino liri pansi pa chitetezo chao, ndipo Harry Johnston anadza kudzalilamulira. Anabwera ndi asilikari a Chisikh ochokera ku India, otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, ndipo nkhondo yao yoyamba, m'chaka chomwecho, inali ya ku Mulanje kuno, yolimbana ndi Chikumbu. Mu 1893 anamanga linga pa mpata uja wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, nalitcha Fort Lister, dzina la mkuru wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Linga lina, Fort Anderson, linamangidwa kutsidya lina la phiri. Cholinga chinali kutseka njira ya ku Quelimane mbali zonse ziwiri. Nkhondo sinathe tsiku limodzi. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895. Ankhondo a mafumuwo sanali amantha, ndipo phiri ankalidziwa bwino koposa alendowo. Koma munthu wogogoda onga ali chiriri sangalimbane nthawi yaitali ndi munthu amene aomba kangapo ali chigonere kuseri kwa mwala, chipolopolo chache chikufika kutali kumene cha mnzacheyo sichifika.

Patapita zaka makumi awiri phunziro lomwelo linaonekanso. Pamene John Chilembwe ndi anthu ache anaukira Boma la atsamunda pa 23 January 1915, chosowa chao chachikuru chinali mfuti ndi zipolopolo. Ndicho chifukwa chache gulu lina linatumidwa ku Mandala ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida, koma linabwerako ndi zochepa zokha, ndipo ambiri anamenya nkhondoyo ndi nthungo. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915 m'dera la Mulanje, limene masiku amenewo linkaphatikiza Phalombe yense, ali pa ulendo wothawira ku Mozambique.

Kuyambira pamenepo mpata wa pakati pa chipala ndi fakitale wangokulirakulira. M'zaka za m'ma 1880 kunabwera onga wopanda utsi, wamphamvu koposa wakale, ndipo chipolopolo chinayamba kuthamanga kwambiri kotero kuti mtobvu wosabvala kanthu unkasupuka ndi kumatirira mu mpope. Amisiri anayamba kuubveka chikopa chamkuwa, ndipo zipolopolo za asilikari ndi apolisi lero siziumbidwa m'chikombole konse, koma zipanidwa ndi makina akuru. Ku America ndi ku Ulaya alipo anthu ena a masewera oombera chandamale amene aumbabe zao, mololedwa ndi malamulo a kwao. Koma zikombole zao zijobedwa ndi makina osemera zitsulo, ndipo muyeso wache uwerengedwa m'magawo a inchi yogawidwa ka 1,000. Kuti muyeso umenewu umveke: tsitsi limodzi la munthu lingakwane magawo otere atatu. Cholakwa chochepa kuposa tsitsi chikwanira kuononga nchito yonse. Tupa, msomali ndi diso la munthu, kaya akhale mmisiri wotani, sizingafike pamenepo.

Nanga nkhani yakaleyi ikambidwiranji lero? Chifukwa gogodela sanathe. M'madera ena a dziko lino, makamaka kufupi ndi nkhalango zotetezedwa, apolisi ndi alonda a nyama amalandabe mfuti zopangira kumudzi, ndipo phiri la Mulanje, limene linakhala nkhalango ya Boma mu 1927, lataya nyama zache zambiri kaamba ka misampha, agaru, moto wa alenje ndi mfuti. Agwape, mbawala ndi zinkhoma zimene akuru ankaziona pafupi ndi minda, lero munthu ayenda tsiku lonse osaona ndi imodzi yomwe. Ndipo gogodela wa lero ngwoipa kuposa wa makolo. Wakale uja, ngakhale anali wotsika mtengo, mpope wache unasulidwira nchito ya mfuti. Wa lero apangidwa ndi mpope wa madzi kapena chitsulo cha galimoto yakufa, zimene sizinapangidwe kuti zipirire moto wotere, ndipo dzimbiri lidya m'kati mosaoneka. Chipolopolo choumba pakhomo nachonso chinyenga maso. Kunja chinyezimira, koma m'kati mungakhale mphako ya mpweya kapena litsiro. Paja akuru anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mfuti yotere ingaombe bwino kakhumi, nkudzang'ambika ulendo wotsatira. Chotayika ndi zala, diso, kapena moyo, ndipo munthu wobvulala chotero amachedwa kupita kuchipatala poopa kufunsidwa, kufikira bala litaola.

Pali choopsa china chimene sichilira ngati mfuti, ndipo amai ayenera kuchimvetsa koposa onse, pakuti chigwera ana. Mtobvu ndi poizoni. Woumba zipolopolo kumudzi aupeza pophwanya mabatire akale a galimoto kapena a magetsi a dzuwa, amene achuluka m'midzi masiku ano. Awaswa pabwalo, madzi ache oyabwa natayikira pansi, ndipo asungunula mtobvuwo m'chitini kapena mumphika pa mafuwa omwewo ophikirapo. Dontho limodzi la madzi likagwera mu mtobvu wosungunuka, uthovoka nuwaza kumaso. Koma choipa chenicheni ndi utsi ndi pfumbi lache. Pfumbilo likhala m'dothi la pabwalo zaka zambiri, pakuti mtobvu suola. Mwana wokwawa aika dzanja pansi, naliika m'kamwa. Thupi la mwana limwa mtobvu kanai kapena kasanu kuposa la munthu wamkuru, ndipo bungwe la World Health Organization linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'magazi umene udziwika kuti ngwosaononga. Wochuluka ubweretsa kupweteka kwa m'mimba, kuchepa magazi, kukomoka ndi imfa. Wochepa suonetsa chizindikiro, ungolowa mu ubongo. Mphunzitsi adzaona mwana wosagwira zophunzira, wosakhazikika pa benchi, nadzamuyesa waulesi, osadziwa kuti chinayambira pa mafuwa a kwao. Mai woyembekezera apatsira mwana ali m'mimba. Ndipo nyama yophedwa ndi chipolopolo cha mtobvu isunga tizidutswa tosaoneka pozungulira bala, timene tilowa mumphika wa ndiwo.

Izi zinaoneka kale kwina. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaphwanya mabatire ndi kusefa dothi lache kufuna mtobvu wogulitsa. Pafupi pompano, ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill ndipo amuna a ku Nyasaland ankapitako kukagwira nchito, mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, koma ana obadwa zaka zambiri pambuyo pache apezekabe ndi mtobvu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi limene aseweramo. Chenjezo limeneli likhudzanso ena amene alibe kanthu ndi mfuti: wosungunula batire kuti apeze zolemetsa ukonde kapena mbedza, ndi woumba miphika ya aluminiyamu amene asakaniza zitsulo zosadziwika.

Lamulo nalonso liyenera kudziwika bwino, pakuti ambiri aganiza kuti mfuti yopanga wekha si mfuti pamaso pa Boma. Lamulo la mfuti la 1967 lifuna kuti ali yense wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi chilolezo, ndipo kupanga zinthu zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu. Gogodela wosiyidwa ndi agogo ali m'gulu lomwelo. Lamulo la nyama zakuthengo la 1992 linaonjezedwa mphamvu mu 2017, kotero kuti wopha nyama zotetezedwa koposa angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Wosula amene apangira mnzache chikombole kapena mpope, poganiza kuti iye sapita kuthengo, adziika yekha m'mlandu chifukwa cha ndalama zosakwana mtengo wa khasu ndi chikwanje zimene akadasula tsiku lomwelo. Osula ndi owotcherera zitsulo a pa Phalombe, Migowi ndi Chiringa nchito ali nayo yochuluka: njinga zonyamula katundu zithyoka tsiku ndi tsiku, ngolo zifuna matayala, ndipo zitseko, mawindo ndi mbaula sizisowa ogula.

Anthu a m'malire ayenera kukumbukiranso kuti nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiya zida zokwiriridwa ndi zobisidwa, ndipo madzi osefukira monga a mu 1991 ndi a namondwe Freddy mu 2023 afukula zimene zinali pansi. Munthu akapeza mfuti, zipolopolo kapena chitsulo chosachidziwa polima kapena pokumba maziko, asachigwire, asachimenye ndi khasu, ndipo asachiponye pamoto kuti aone chimene chichite. Aike chizindikiro pamalopo, aletse ana kuyandikira, nakauze nyakwawa kapena mfumu, amene adzadziwitsa apolisi. Amene ali ndi gogodela wa makolo m'denga achite chimodzimodzi, apite ndi mfumu yache kukaonana ndi apolisi. Ndipo asayese kuona ngati akali kulira, pakuti onga wotsalira mu mpope ukhoza kuyaka ngakhale patapita zaka zambiri. Batire lakutha lisaswedwe pakhomo. Libwezedwe kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale liri lathunthu.

Chikombole chakale chopezeka m'munda kapena m'chikwatu cha agogo chiri ndi malo ache oyenera, ndiwo nyumba yosungiramo zinthu zakale monga ija ya ku Chichiri ku Blantyre, kumene chingalembedwe dzina la mudzi umene chinachokera. Aphunzitsi amene afuna kuti ana amve mbiri imeneyi ndi maso angapite nao ku Fort Lister nyengo ya chilimwe, mseu ukali wouma. Zotsala za lingalo zikalipo, pamodzi ndi manda a masiku amenewo. Ayambe aonana ndi mfumu ya pamalopo, ndipo ana auzidwe asanafike kuti malowo ngotetezedwa ndi Boma, saloledwa kuchotsapo mwala kapena njerwa. Ataimirira pamenepo, Michesi ali mbali yino ndi Mulanje mbali inayo, mphunzitsi awafunse anawo kuti aloze kumene apaulendo opita ku Quelimane akadadzera ngati mpatawo utatsekedwa.